Silaidi Imene Idakwirira Chenjezo

Katswiri wa sayansi kapena injiniya akamaliza kufufuza, ntchito yake imakhala isanathe. Amayenera kuima pamaso pa anthu ndi kuwafotokozera zimene wapeza kuti iwo achitepo kanthu. Masiku ano ambiri amachita zimenezi mothandizidwa ndi masilaidi, ndiye kuti timasamba ta mawu ndi zithunzi timene amationetsa pakhoma kuchokera pa kompyuta. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi PowerPoint, imene idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1987. Silaidi nayonso ndi cholembedwa, ndipo itha kuunikidwa monga momwe ndakatulo kapena nthano imaunikidwira: mutu wake, kasanjidwe ka mfundo zake ndiponso kasankhidwe ka mawu ake. Chimangirizo chino chikuunika silaidi imodzi imene idalembedwa m'dziko la United States mu 2003, panthawi imene moyo wa anthu asanu ndi awiri udali pachiswe.

Pa 16 Januwale 2003 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Columbia chidanyamuka ku Florida. Patangotha masekondi pafupifupi 82, chidutswa cha thovu louma limene ankakutira thanki ya mafuta chidathothoka n'kumenya phiko lakumanzere la chombocho. Makamera adajambula zimenezi, ndipo akatswiri adaziona tsiku lotsatira. Funso lidali lakuti: kodi phiko lija lavulala motani? Funsoli lidali lalikulu chifukwa chombo chikamabwerera padziko chimakhulana ndi mpweya n'kutentha koopsa. Chimene chimachiteteza ndi matailosi osamva moto pamodzi ndi zikopa zolimba za kutsogolo kwa mapiko. Pakakhala bowo, mpweya wotenthawo umalowa ndi kusungunula zitsulo za m'kati.

Chombo chili m'mlengalenga, mainjiniya a kampani ya Boeing adakonzera akuluakulu a bungwe la NASA malipoti atatu okhala ndi masilaidi 28. Akuluakuluwo atamva malipotiwa adakhutira kuti panalibe choopsa. Pa 1 Febuluwale, Columbia idaphwasuka m'mlengalenga mwa chigawo cha Texas kutangotsala mphindi 16 kuti itere, ndipo onse amene adali m'katimo adafa. Imodzi mwa masilaidi aja idaunikidwa mozama ndi Edward Tufte, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale, ndipo bungwe lofufuza ngoziyi lidaika kuunika kwakeko mu lipoti lake la mu Ogasiti 2003.

Chilema choyamba cha silaidiyi chili pa mutu wake. Mainjiniya adagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Crater poyerekeza kuya kwa bala limene thovu lingasiye pa tailosi. Mutu wa silaidi, umene udalembedwa ndi zilembo zazikulu koposa, udatanthauza kuti pulogalamuyi imakokomeza kuwonongeka kwa matailosi kuposa mmene zimakhalira. Wowerenga aliyense akanamva kuti ngati pulogalamu ikuti bala ndi lakuya, ndiye kuti bala lenilenilo ndi laling'onopo. Mutu wotere ndi wokhazika mtima pansi. Tsono mutu uli ngati khomo la nyumba: mlendo amaweruza za m'kati ndi zimene waona pakhomopo. Munthu wotanganidwa amene ali ndi misonkhano yambiri patsiku amawerenga mutu, n'kudikira silaidi yotsatira. Choipa china n'chakuti mutuwu udakamba za khalidwe la pulogalamu, pamene omvera adafuna kudziwa za phiko.

Chilema chachiwiri ndi kasanjidwe. Mfundo za pa silaidiyi zidasanjidwa m'magulu asanu ndi limodzi, lililonse lolowa m'kati kuposa linzake, ndipo zilembo zinkacheperachepera potsika. Kasanjidwe kotere kamauza maso kuti za pamwamba ndi zofunika, za pansi ndi nyenyeswa chabe. Komatu mfundo yolemera koposa idali pa mzere wotsiriza, m'tizilembo tating'ono. Mzerewo udanena kuti chidutswa chimene chidamenya Columbia chidali chachikulu kuposa chija adayesera poyamba, ndipo udapereka manambala awiri, 1920 ndi 3, m'miyeso ya mainchesi. Mwa kuyerekeza kwina, chidutswa cha m'mayeso chidali ngati supuni zazikulu zitatu, pamene chenichenicho chinkaganiziridwa kuti chidali cha malita 31, kuposa ndowa imodzi ndi theka. Kusiyanaku ndi kowirikiza ka 640. Tanthauzo lake n'lakuti mayeso akale aja sakadatha kunena chilichonse chodalirika pa za ngozi imeneyi. Mzere wotsirizawu udagwetsa mutu wonse wa silaidi, koma udaikidwa pamalo pamene diso lotopa silifika. Ngakhale nambala ya 640 imene siidalembedwe. Womvera adayenera kudzigawira yekha m'mutu mwake wolankhula akupitiriza.

Chilema chachitatu ndi mawu olobodoka. Liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza "kwambiri" kapena "kwakukulu" lidabwerezedwa kasanu pa tsamba limodzi, ndipo paliponse lidali ndi kulemera kwina. Pena lidatanthauza kusiyana kochepa kumene makina angakuone, pena kusiyana kowirikiza ka 640, pena kuwonongeka kumene kungaphe anthu. Liwu likasenza matanthauzo ochuluka chonchi limasanduka mkhaka wothiridwa madzi. Panalinso mzere wina umene udavomereza kuti "zimenezi" n'zotheka ngati chidutswa chili cholemera ndi chothamanga mokwanira, koma osatchula kuti "zimenezi" n'chiyani. Chimene chidabisika m'kaliwu kameneko ndi kubooka kwa chitetezo cha chombo. Pa tsamba lonse panalibe chiganizo ngakhale chimodzi chonena poyera kuti chombo chitha kupsa pobwerera. Mu sayansi, nambala ndi dzina lenileni la chinthu zimaposa afotokozi khumi.

Chilema chachinayi ndi ziganizo zoduladula. Silaidi yosanjidwa m'timizere imataya alumikizi monga "chifukwa", "komabe" ndi "choncho". Komatu ganizo la munthu limagona m'timawu timeneti. Mzere wina ukati pulogalamu imakokomeza, wina n'kuti chidutswa ndi chachikulu kuposa cha m'mayeso, womvera sadziwa kuti wachiwiriwo ukutsutsa woyamba pokhapokha pakati pake pali "komabe". Mwina wolankhula adawonjezera timawuti pakamwa, koma silaidi imayenda yokha kuchoka pa ofesi ina kupita ku ina mwini wake atatsala. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga ukamakwera kuchoka kwa injiniya kupita kwa mkulu wake, n'kupitanso kwa mkulu wa mkuluyo, umafupikitsidwa pa sitepe iliyonse, ndipo zimene zimayamba kugwa ndi za m'tizilembo tating'ono zija.

Bungwe lofufuza lidagwirizana ndi Tufte kuti chizolowezi chogwiritsa ntchito masilaidi m'malo mwa malipoti olembedwa mokwanira chidali chizindikiro cha matenda m'kafalitsidwe ka uthenga ku NASA. Komabe kungakhale kulakwa kusenzetsa tsamba limodzi mlandu wonse. Thovu lidakhala likuthothoka pa maulendo ambiri am'mbuyo popanda imfa, kotero akuluakulu adalizolowera ngati chinthu wamba. Mainjiniya ena adapempha kuti asilikali ajambule phikolo ndi makamera awo amphamvu, koma pempholo lidaimitsidwa. Ndiponso silaidi ija idakamba za matailosi, pamene bala lenileni lidali pa chikopa cha kutsogolo kwa phiko. Izi zidatsimikizika mu Julayi 2003, ofufuza atawombera chidutswa cha thovu pa chikopa chotere mumzinda wa San Antonio, n'kuboola chibowo cha masentimita pafupifupi 40. Akatswiri ena, monga Jean-luc Doumont, adatsutsanso Tufte ponena kuti vuto si pulogalamu ayi koma kagwiritsidwe ntchito kake. Mfundo yawo ndi yomveka, pakuti khasu silidzudzulidwa chifukwa cha mzere wokhota. Ngakhale zili choncho, khasu la mpini wopindika limavutitsa mlimi, ndipo pulogalamu imene imayamba yokha kumupatsa wolemba kamutu kafupi ndi timizere imamukokera ku chilema chomwechi. Silaidi siidaphe anthu aja, koma idalephera kugwedeza amene akadatha kuyesa kuwapulumutsa. Ofufuza adapeza kuti bala likadadziwika msanga, kutumiza chombo china chotchedwa Atlantis kukadakhala kovuta koma kotheka.

Kuti chilema cha silaidiyi chioneke bwino, n'kofunika kuiyerekeza ndi zimene zidachitika zaka 17 m'mbuyo mwake, pa ngozi ina ya bungwe lomweli. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha Challenger chidaphulika patatha masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu asanu ndi awiri adafa. Chidalakwika ndi mikombero ya mphira yotseka molumikizana zigawo za roketi, imene idauma chifukwa cha kuzizira. Pa msonkhano wa ofufuza umene udaonetsedwa pa wailesi yakanema pa 11 Febuluwale chaka chomwecho, katswiri wa fizikisi Richard Feynman adatenga kachidutswa ka mphirayo, n'kukapana ndi kachitsulo, n'kukaviika m'tambula ya madzi a ayezi. Atakavuula n'kukamasula, kamphirako sikadabwerere msanga m'malo mwake. Aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, adaona ndi maso ake kuti mphira ikazizira siitseka mpata. Feynman adali ndi mfundo imodzi, umboni umodzi wooneka, ndi mawu ochepa olunjika. Silaidi ya Boeing idali ndi mfundo zambiri, yopanda chithunzi, ndipo mfundo yaikulu idali yomalizira.

Si nkhani iliyonse imene ingaonetsedwe ndi tambula ya madzi, koma silaidi itha kutengera nzeru yomweyo. Michael Alley wa pa yunivesite ya Penn State amaphunzitsa kuti mutu wa silaidi uzikhala chiganizo chathunthu chonena zimene zapezeka, ndipo pansi pake pazikhala umboni wooneka, monga chithunzi kapena galafu, m'malo mwa mndandanda wa timizere. Potsata njira imeneyi, silaidi ya Columbia ikadakhala ndi mutu wonena kuti chidutswacho ndi chachikulu ka 640 kuposa cha m'mayeso, choncho palibe amene angatsimikize kuti phiko lili bwino. Pansi pake pakadajambulidwa zidutswa ziwirizo moyandikana, china ngati kanjere, china ngati mtsuko. Kenaka wolankhula akadayang'ana omvera ake, osati khoma, ndi kunena chimene akufuna kuti chichitike: phikolo lijambulidwe lero. Zotsalazo, monga masamu ndi tsatanetsatane wa mayeso, zikadalembedwa mu lipoti lapadera loti anthu akawerenge modekha.

Silaidi ya Boeing siidaname. Manambala ake adali pomwepo, ndipo woilemba akadatha kuloza mzere wotsiriza n'kunena kuti chenjezo lidaperekedwa. Apa ndi pamene pagona phunziro lake lowawa: m'nkhani za sayansi ndi zaumisiri, kulemba zoona sikokwanira ngati zoonazo zaikidwa pamalo pamene sizimveka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Katswiri amene waona ngozi ndiye ali ndi udindo woiika pamwamba pa tsamba, m'chiganizo chathunthu, ndi kuitchula ndi pakamwa pake anthu asanabalalike.