Za Tinsaru Toluka ta Amai Athu

Munthu akalowa m'nyumba zakale za Akristu ku Senga Bay ndi m'midzi yina ya dziko la Mfumu Maganga, kawiri kawiri apeza kansaru koyera koluka ndi ulusi, koyalidwa pa gome, kapena pa mpando, kapena pamwamba pa wailesi. Kena kali ndi mikanda m'mphepete mwace, ndiko kobvundikira mkaka kuti nchenche zisagweremo. Masiku ano tinsaru timeneti tirinkucepa, ndipo pamalo pace pakhala ta pulasitiki togula ku msika wa ku Salima. Ana ambiri akapeza takale m'bokosi la malemu agogo ao, sadziwa ngati apeza cuma kapena sanza. Cifukwa cace tifuna kuweruza mlandu uwu pamodzi ndi inu, awerengi athu: kodi kansaru kotere kayenera ulemu wotani, ndipo kokoma tikazindikira ndi ciani?

Tiyambe ndi kumene nchito iyi inacokera. Makolo athu sanali alendo pa za ulusi ai. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza thonje lirikulimidwa m'midzi, ndi anthu alikupota ndi kuomba nsaru zao. Copotera cija anacicha njinga, dzina limene tsopano tapatsa cokwerapo ca miyendo iwiri. Ena anasula ciwondo ca makungwa a mitengo. Koma zindikirani ici: kuomba ndi kusoka kunali nchito ya amuna. Duff Macdonald, wa Mishoni ya Blantyre, analemba m'buku lace la 1882 kuti mkazi anakhoza kuthetsa ukwati ngati mwamuna wace analeka kumsokera nsaru yong'ambika. Tsono singano m'dzanja la mkazi ndi cinthu catsopano pakati pathu, cimene cinadza ndi sukulu.

Kuluka ndi singano ya ngowe, ndiyo yokhota kunsonga, kunafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Ku Ireland, pa njala yaikuru imene inayamba m'caka ca 1845, akazi aumphawi anaphunzira kuluka zokometsera za ulusi, nazigulitsa kuti ana ao apeze cakudya. Nchito yomweyo inafika kuno m'manja a akazi a mishoni. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anakhazika Mishoni ya Mvera m'caka ca 1889, kumapiri a kumadzulo kwa Salima, ndipo Nkhoma inatsata m'caka ca 1896. M'nyumba zolereramo atsikana pa mishonizo anaphunzitsa kusoka, kucapa ndi kusita pamodzi ndi kuwerenga. Njanje itafika ku Salima m'caka ca 1935, katundu wa m'masitolo, ndi ulusi womwe, anayandikira midzi ya kunyanja. Pambuyo pace amai anaphunzitsana okha okha, pa misonkhano ya Cigwirizano ndi pansi pa mitengo ya mango, kufikira kuti oluka ambiri sanaonepo mzungu ali yense akugwira singanoyo.

Alipo ena amene anena kuti kansaru aka n'kacabe, kongotsanzira nyumba za Azungu. Ati sikafunda munthu, sikabvalidwa, sikasunga ufa. Nchito yace ndiyo kudzionetsera basi. Mau awa tisawataye msanga, pakuti muli coonadi cina m'menemo. Panali nthawi imene kansaru ka pa gome kanakhala ngati cizindikiro cakuti m'nyumba muno muli anthu a sukulu, ndipo amene anali nako anakhoza kupeputsa mnansi wace woluka mikeka ya mgwalangwa kapena woumba miphika. Kumeneko kunali kudzikuza, ndipo sitikubvomereza. Woluka mkeka wosalala ali mmisiri wolingana ndi woluka ulusi. Koma kunena kuti cinthu n'coipa cifukwa cinadza ndi alendo ndiko kuiwala mau a akuru akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cimanga ndi cinangwa cimene tidya cinacokera ku America, koma lero palibe anena kuti nsima ndi ya eni ace. Cinthu cikhala cathu pamene manja athu acizolowera ndi kucidziwitsa.

Nanga kansaru kokoma tikazindikira ndi ciani? Anthu a kunyanja sasowa mphunzitsi pa ici, pakuti msodzi ali yense adziwa kuweruza ukonde. Kale, maukonde a nailoni asanadze, amuna anapota cingwe ca bwazi ndi ca mitengo yina, naluka okha maukonde ao. Ndipo kufikira lero muwaona m'mawa pa mcenga alikusoka pamene pang'ambika. Msodzi ayang'ana maso a ukonde ngati alingana, ndi mfundo ngati zagwira. Diso lomwelo likwanira pa kansaru. Tichula zoyesera zitatu.

Coyamba, kayaleni pa gome, muone ngati kagona bwino. Woluka ayamba ndi kamphete kakang'ono pakati, nazungulira mzere ndi mzere, ndipo pa mzere uli wonse ayenera kuonjeza maso monga mwa ciwerengo. Akaonjeza pang'ono, kansaru kadzuka m'mphepete ngati mbale. Akaonjeza kopambana, kacita makwinya ngati tsamba la mpiru. Kansaru kogona kwathunthu kacitira umboni mkazi wodziwa kuwerenga, ngakhale sanapitirire ndi sukulu. Ambiri a amai athu analibe pepala la citsanzo. Anabwereka kansaru ka mnzao usiku umodzi, nawerenga maso ace ndi cala, nasunga ciwerengo conse m'mutu.

Caciwiri, yang'anani maso ace pa kuwala kwa dzuwa. Dzanja lokhwima likoka ulusi mofanana kuyambira pakati kufikira m'mphepete. Dzanja lothamanga limanga pena molimba pena molekerera, ndipo duwa kapena nanazi amene anafuna kuonetsa apendekeka. Apa mwambi uja uli woona, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacitatu, tembenuzani kansaru muone kumbuyo kwace. Mmisiri abisa nsonga za ulusi mkati mwa maso, kotero kuti simupeza pamene analumikiza. Waulesi amanga mfundo nasiya micira, ndipo pa kucapa kwacitatu nchito yace iyamba kumasuka. Kutsogolo kuonetsa cimene woluka anafuna kuti alendo aone. Kumbuyo kuonetsa mtima wace.

Tikayesa ndi miyeso iyi, tidzapeza kuti si kansaru kali konse kakale kali kokoma. Tina tinalukidwa mofulumira, ndi ulusi wonenepa wa mawanga ofiira ndi obiriwira osayenerana, kuti tigulitsidwe msanga. Koma ngakhale apa tiweruze ndi cifundo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akazi ambiri a ku Zimbabwe ananyamula tinsaru toluka kukagulitsa ku South Africa, nalipira nazo ndarama zace sukulu ya ana ao, monga anacitira akazi a ku Ireland aja. Amai a kwathu kuno naonso anagula sopo, mcere ndi makope ndi singano yomweyo. Nchito imene yadyetsa mwana siiri yacabe, ngakhale maso ace asalingane.

Nanga ta pulasitiki tija? Sitikana kuti mtengo wace ngwocepa, ndi kuti tipukutika ndi madzi okha. Maso ace alingana koposa a dzanja liri lonse, pakuti makina salakwa ciwerengo. Koma taonani cimene kasowa. Kakang'ambika sikasokeka, dzuwa likakaomba kauma nikasweka, ndipo potsiriza kapezeka pa dzala kapena m'madzi a nyanja. Coposa izi, palibe munthu angakanyamule ndi kunena, aka ndi ka uje. Tikwi tambiri tinaturuka m'cikombole cimodzi, ndipo palibe kamodzi kodziwa mwini wace.

Apa ndipo pagona ulemu weniweni wa kansaru koluka. Makolo athu ambiri sanasiye kalata, ndipo ena sanajambulidwe cithunzi ngakhale cimodzi. Nyumba zao za udzu zinagwa, mabwato ao anaola, miphika yao inasweka. Cimene catsala cogwiridwa ndi manja ao masabata ambiri ndico kansaru aka. M'mabanja ambiri akumbukira kuti kanaturuka m'bokosi pa Krisimasi, pa tsiku la ubatizo, kapena pamene abusa ndi akuru a mpingo anadza kudzaceza. Kuti kanacapidwa pa kokha, nikaumitsidwa ndi madzi a ufa wa cinangwa, nikasitidwa ndi simbi ya makala. Ndi kuti mwana amene anaikapo cikho conyowa anadzudzulidwa. Akumbukira agogo alikuluka pa khonde dzuwa litapendeka, milomo irikuwerenga cete, kapena usiku pa nyali ya parafini, poyembekeza amuna amene anapita ku usipa. Mu Macitidwe a Atumwi, mutu 9, tiwerenga za Dorika wa ku Yopa, kuti atamwalira akazi amasiye anaonetsa Petro zobvala zimene iye anasoka. Sanasowe mau ambiri, pakuti nchito ya manja ace inamchula.

Koma pali kusiyana kumodzi pakati pa ukonde ndi kansaru, kumene kutiopsa. Ukonde uli ndi mfundo pa diso liri lonse, ndipo pakaduka pamodzi pena ponse pagwirabe. Kansaru n'kolowetsa ulusi m'ulusi, diso m'diso linzace, kopanda mfundo; munthu akapeza nsonga yace nakoka, mzere wonse umasuka, ndi wina pambuyo pace. Cikumbukiro ca banja ciri comweco. Cikhala pa munthu mmodzi, kawiri kawiri mlongo wamkuru kapena azakhali, amene adziwa kuti aka analuka ndani, caka citi, pokonzera ukwati wa yani. Iyeyo akapita osanena, zonse zimasuka. Pogawa katundu wa malemu, abale awerenga mbuzi, mabulangete ndi malata, koma tinsaru tisiyidwa pansi pa bokosi kuti njenjete ndi ciswe zigawane. Kapena wina akapukutira nako nyali.

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu kwa mabanja a mu mpingo. Amene muli nato, funsani akuru akali ndi moyo, mulembe dzina la woluka ndi mudzi wace pa kapepala, musunge pamodzi ndi kansaruko. Musakasiye kokhudzana ndi citsulo, pakuti cinyontho ca kunyanja cibala dzimbiri losacoka. Katurutseni nthawi ndi nthawi kuti kapume mphepo, ndipo kagwire nchito yace pa masiku acimwemwe, kuti ana akaone ndi kufunsa. Ndipo inu amai amene manja anu akali kudziwa, musadikire kuti atsikana adze kudzapempha. Aitaneni, pakuti m'mera mpoyamba. Anyamata naonso asacite manyazi, popeza makolo ao amuna ndiwo anali eni singano m'dziko muno. Singano ya ngowe ndi mpukutu umodzi wa ulusi sizifuna cuma cambiri, koma zifuna wina wokhala pafupi ndi wophunzira kufikira mzere woyamba utagona bwino.