Mkamwini Wophunzira: Kuwerenga Buku la Isabel Apawo Phiri Tili ku Phalombe

Buku la Isabel Apawo Phiri lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy, lomwe lidatuluka mu 1997, likunena za amayi a mu Sinodi ya Nkhoma. Mfundo yake njakuti pa chipembedzo cha makolo mkazi adali ndi mpando, monga Makewana wa ku Msinja, koma mpingo utafika udamubweza kumbuyo. Mkatolika angafulumire kunena kuti mlanduwo ngwa eni ake. Tikaliwerengera ku Phalombe, likutikhudza nafenso.

Ambiri amayesa kuti mnyamata amachoka kumudzi ali wopeputsa akazi, ndipo koleji ndiyo imakamuwongola. Pakati pa Alhomwe siziyenda motero. Mwana wa kwa Nazombe kapena kwa Mkhumba amakula akuona atate ake ali mkamwini, akulima munda wa kuchikazi, ndipo pa za ana wogamula ndi malume. Zakuti mwamuna ndiye mutu wa banja amakazimvetsa kusukulu ndi pa guwa, kenaka malipiro a pamwezi nkumukhomerera. Akabwerako ndi digiri, chikamwini amachita nacho manyazi. Mlongo wake nayenso amabwerako atasintha, koma molowera kwina: safunanso kuti malume azimulankhulira. Sitikana kuti pali ena amene koleji yawafewetsa, pakuti lero anyamata akuphunzira unamwino ndi uzamba, ntchito imene agogo athu sakadalola mwamuna kuisuzumira.

Apa mpamene bukuli likuperewera. Lakhalitsa pa malamulo a sinodi, osafufuza chimene maphunziro apamwamba amachita mumtima mwa mnyamata. Komatu mlembiyo adazionera yekha mu 1995, pamene ophunzira a pa Chancellor College adagenda nyumba yake chifukwa cha kafukufuku amene iye ndi anzake adachita wa nkhanza zochitikira ophunzira aakazi. Ogendawo adali osankhidwa mwa ophunzira a dziko lonse.

Nanga ife a ku Kachebere ndi ku St Peter's, amene timatha zaka pakati pa amuna okhaokha, timatulukako otani? Mu 1988 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata ya Mulieris Dignitatem, adawerenga Aefeso 5 moyambira pa ndime 21, yonena za kugonjerana kwa onse awiri. Wansembe wachinyamata akayambira pa ndime 22 podalitsa ukwati ku Phalombe, amalamula mkwatibwi kugonjera mwamuna amene mawa lake akamange nyumba pa dothi la apongozi ake.