Lorenzo Da Ponte ndi Ntchito Yophunzitsa Chilankhulo Kudziko la Eni

Kuphunzitsa chilankhulo chakwanu kudziko la eni kumafuna mtima wautali, ndipo kawirikawiri phindu lake la ndalama ndi lochepa. Lorenzo Da Ponte anazidziwa bwino zimenezi. Anabadwira ku Ceneda, kumpoto kwa Venice, mu 1749, ndipo ndiye analemba mawu a zisudzo zitatu zoyimba za Mozart, kuphatikizapo Don Giovanni. Koma atafika ku America mu 1805, akuthawa ngongole ku London, ulemu wonsewo unatsalira kutsidya kwa nyanja. Anayamba n'kugulitsa m'golosale.

Chomwe chinamudzutsa n'chilankhulo chake. Anayamba kuphunzitsa Chitaliyana achinyamata a ku New York, ena akukhala kunyumba kwake komweko, kotero ankachimva ngakhale pa nthawi ya chakudya, osati m'buku mokha. Apa m'pamene pali luso la mphunzitsi weniweni: kuwongola lilime la mwana wa eni tsiku ndi tsiku, osatopa, mpaka athe kuwerenga ndakatulo za Dante payekha. Mabuku a Chitaliyana anali osowa mumzindawo, choncho ankawaitanitsa yekha kuchokera ku Ulaya, ndipo ambiri anathera m'malaibulale.

Mu 1825, ali ndi zaka 76, anakhala pulofesa woyamba wa Chitaliyana pa Columbia College. Malipiro a pamwezi panalibe. Ankadalira zomwe ophunzira ankapereka, ndipo zaka zina sankabwera n'komwe. Mkuluyu anali wodandaula komanso wodzitama ndithu, koma ntchitoyo sanaitaye. Mu 1833 anatsogolera ntchito yomanga nyumba ya zisudzo zoyimba za Chitaliyana ku New York. Anamwalira mumzinda womwewo mu 1838.