Lamulo la Mulungu M'manja mwa Boma: Zimene Dziko la Sudan Lidaona

Mu Seputembala chaka cha 1983, anthu a mumzinda wa Khartoum adaona zachilendo: moŵa ukutsanulidwa mumtsinje wa Nile, mtsogoleri wa dziko, Jaafar Nimeiri, ali pomwepo. Chidali chizindikiro chakuti kuyambira mwezi umenewo milandu ya m'dziko la Sudan iziweruzidwa potsata Shariya, ndiye kuti malamulo a Chisilamu. Wakuba azidulidwa dzanja, womwa moŵa azikwapulidwa. Ena adakondwa, poganiza kuti tsopano dziko lawo layera. Koma poyang'ana zimene zidatsatira, tiyenera kufunsa: kodi malamulowo adatumikira Mulungu, kapena mpando wa wolamulira?

Tinene poyera kuti Shariya sadaiyambitse Nimeiri. Kwa zaka mazana ambiri Asilamu akhala akuitsata pa mapemphero, pa kusala zakudya, pa ukwati, pa malonda ndiponso pogaŵa chuma cha masiye. Msilamu woitsata mwa kufuna kwake sasiyana ndi munthu aliyense wosunga chipembedzo chake. Nkhani yathu ndi ya zimene zimachitika boma likatenga malamulo achipembedzo nkuŵapereka kwa apolisi, kundende ndi kwa wogwira chikoti.

Nimeiri adalanda boma ndi mfuti mu 1969. Mu 1972 adachita chotamandika: pangano la ku Addis Ababa lidathetsa nkhondo ya zaka 17 pakati pa boma ndi anthu akummwera, amene ambiri adali Akhristu kapena otsata chipembedzo cha makolo. Koma pofika 1983 chuma chidali chitaloŵa pansi, ngongole zitachuluka, anthu akung'ung'udza. Mu Juni adagaŵa chigawo chakummwera patatu, kuphwanya pangano lake lomwe. Mu Seputembala adalengeza Shariya. Apo mtsogoleri amene anthu adali atatopa naye adapeza chishango cholimba: aliyense womutsutsa ankaoneka ngati wotsutsa Mulungu.

Nanga chilangocho chidagwera yani? Mu 1984 boma lidakhazikitsa mabwalo apadera oweruza milandu mwachangu, ndipo ambiri mwa amene adadulidwa manja adali amphaŵi, makamaka othaŵira ku Khartoum chifukwa cha chilala. Chonsecho akatswiri a Chisilamu amaphunzitsa kuti Umar, mtsogoleri wachiŵiri wa Asilamu pambuyo pa Muhammad, adaimitsa chilango chodula dzanja m'chaka cha njala. Sadiq al-Mahdi, mtsogoleri wotchuka wachisilamu, adadzudzula malamulowo poona kuti sungadule dzanja la wakuba usanathetse umphaŵi umene ukumubetsa. Adamutsekera m'ndende.

Zoopsa koposa zidagwera Mahmoud Mohamed Taha, mphunzitsi wachisilamu wa zaka 76. Iye ndi omutsatira adafalitsa kalata yopempha kuti malamulowo achotsedwe, chifukwa ankaipitsa dzina la Chisilamu ndi kugaŵa dziko. Bwalo lidamuweruza kuti wataya chipembedzo, ndipo adanyongedwa pa 18 Januwale 1985 kundende ya Kober. Taonani: amene adaphedwa sadali mdani wa Chisilamu, koma munthu wopemphera amene ankachimva mosiyana ndi boma. Boma likadzipatsa mphamvu yonena kuti wokhulupirira weniweni ndani, ngakhale eni ake chipembedzocho sakhalanso pamtendere.

Pasanathe miyezi itatu, mu Epulo 1985, Nimeiri adachotsedwa. Malamulo ake adatsala. Sadiq al-Mahdi yemwe uja adakhala nduna yaikulu mu 1986, koma sadaŵafafanize, pakuti wandale aliyense ankaopa kutchedwa wochotsa lamulo la Mulungu. Mu 1989, pamene zokambirana zoŵaimitsa zidali pafupi kubala zipatso, Omar al-Bashir adalanda boma mothandizidwa ndi gulu la Hassan al-Turabi, ndipo mu 1991 adalemba malamulo a milandu otsata njira yomweyo. Lamulo laboma wamba anthu angalisinthe likaŵapweteka. Lamulo loikidwa m'dzina la Mulungu limasanduka msampha wogwira ndi woutchera yemwe.

Pa ulamuliro wa Bashir mtolowo udalemera makamaka pa akazi. Apolisi adapatsidwa mphamvu yoyang'ana kavalidwe m'misewu. Mu 2009 mtolankhani Lubna Hussein adaimbidwa mlandu chifukwa chovala buluku. Mu 2014 Meriam Ibrahim, amene bambo wake adali Msilamu koma adaleredwa ndi mayi wachikhristu, adaweruzidwa kuti aphedwe chifukwa chokana kusiya Chikhristu; adabereka mwana ali m'ndende, ndipo adamasulidwa maiko ambiri atadandaula.

Tisaname kuti Shariya yokha ndiyo idayambitsa nkhondo yachiŵiri. Asilikali akummwera adagalukira boma mu Meyi 1983, malamulowo asanalengezedwe, ndipo panalinso mikangano ya mafuta, madzi ndi maudindo. Koma malamulowo adauza munthu wakummwera kuti m'dziko lobadwira ndi mlendo, ndipo adakhala chopinga chachikulu pa zokambirana zamtendere. Nkhondo idatha mu 2005, anthu pafupifupi 2 miliyoni atafa, ndipo pa 9 Julaye 2011 dziko la South Sudan lidaima palokha. Bashir atachotsedwa mu 2019, boma longogwirizira lidafafaniza mlandu wa kutaya chipembedzo mu 2020. Koma mu Epulo 2023 atsogoleri a asilikali adayambanso kumenyana okhaokha. Zaka zonse zija za chikoti sizidalere chilungamo m'mitima ya olamulira.

Pamenepa Mkhristu asadzitame. Mafumu achikhristu a ku Ulaya nawonso adaotchapo anthu chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo mudali mu 1965 pamene Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udanenetsa kuti munthu asaumirizidwe pa za chipembedzo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tsono mlandu wa ku Sudan tisaukankhire Msilamu amene timagula naye pamsika ndi kulira naye maliro. Woyenera kumuchenjerera ndi wolamulira aliyense, wa chipembedzo chilichonse, amene akasoŵa choyankha anthu anjala amabisala kumbuyo kwa dzina la Mulungu.