Mbiri ndi Dzina m'Sewero la The Crucible

Sewero la The Crucible analemba ndi Arthur Miller wa ku America, ndipo linaonetsedwa koyamba mu 1953. Mutu wake utanthauza mbiya yoyengeramo zitsulo pamoto. Nkhani yake ndi ya milandu ya ufiti ya ku Salem, m'dziko la Massachusetts, mu 1692, pamene anthu 19 ananyongedwa, ndi nkhalamba ina, Giles Corey, inafa poipsinja ndi miyala. Miller analemba izi m'masiku a McCarthy, pamene anthu ambiri anali kunenezedwa kuti ndi Akomyunisti. Ndipo mu 1956 iye mwini anakana kutchula maina a anzake pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo.

Wowerenga ayambe waona umo mantha afalikira m'mudzimo. Atsikana apezedwa ali kuvina m'nkhalango. Poopa chilango, Abigail Williams akankhira mlandu kwa Tituba, kapolo wa mbusa Parris, ndipo Tituba, poopa chingwe, atchula ena. Tsono bwalo limasiya ndi moyo wovomera ufiti, ndi kunyonga wokana. Chotero bodza ligula moyo, ndipo bodza lirilonse libala linzake.

Koma mtima wa seweroli uli pa kusiyana kwa mbiri ndi dzina. Mbiri ndiyo zimene anthu anena za iwe. Dzina ndilo chimene uli ndithu. Parris atchinjiriza mbiri yake, kuti asachotsedwe pa ubusa. Woweruza Danforth akana kuimika milandu, pakuti kutero kukadaonetsa kuti onyongedwa kale anafa osalakwa. Ngakhale Elizabeth, mkazi wosadziwa bodza, anama kamodzi kokha pofuna kubisa chigololo cha mwamuna wake, John Proctor, osadziwa kuti iye waulula kale. Ndipo bodza la chikondilo ndilo liwononga umboni wake.

Proctor ayenda njira ina. Ataya mbiri yake poulula kuti anachimwa ndi Abigail, kuti bwalo lizindikire nsanje ya mtsikanayo. Potsiriza avomera ufiti kuti apulumuke, koma akana kuneneza Rebecca Nurse ndi ena. Ndipo pomva kuti chikalata chake chidzakhomedwa pa khomo la tchalitchi, aching'amba, napita ku imfa. Apa mbiya ija yamuyenga: mbiri yapsa, dzina latsala.

Seweroli lili nacho chilema. Abigail weniweni anali wa zaka ngati 11, ndi Proctor ngati 60. Miller anakweza zaka za mtsikanayo kufika 17, napeka chibwenzi chao. Izi zikometsa sewero, koma zisenzetsa mwana katundu woyenera akulu. Pakuti atsikana anangofuula, koma amene anamanga chingwe ndi oweruza ndi eni mudzi.

Inu amene mudzaphunzitsa ana, nkhani iyi si yakutali. Kwathu kunonso nkhalamba zanenezedwa ufiti ndi pakamwa pa ana, ngakhale lamulo la 1911 linaletsa kutero. Tsiku lina kalasi lonse lidzaloza mwana mmodzi kuti ndiye waba. Pamenepo kumbukirani Danforth: funsani mwana aliyense payekha, musalonjeze chikhululukiro kwa wotchula mnzake, ndipo mukalakwa vomerani, ngakhale mbiri yanu ichepe.