Za Kanjoka ka m'Foni, ndi Mbiri za Kubweranso Kwace

Owerenga athu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, makamaka iwo amene tsopano ali ndi zaka 30 kapena 40, adzakumbukira kanjoka kaja kakuda kamene kanali kuyenda m'kagalasi ka foni ya Nokia. Anyamata anali kukachula gemu ya njoka, koma eni ace anakacha Snake. Masiku ano mafoni akale aja acepa m'manja mwa anthu, koma dzina la kanjokako silinafe iai. Pakuti kawirikawiri pamamveka mbiri pa intaneti yakuti kadzabweranso katsopano, ndipo okakonda amatsutsana za maonekedwe ace kasanaoneke n'komwe. Cifukwa cace ife taganiza kuti nkoyenera kuyesa masewera amenewa monga tiyesa buku kapena nyimbo, ndi kufunsa cimene cinawakometsa, ndi cimene asowa, ndiponso ngati tiyenera kuchera khutu ku mbiri zimenezi.

Ciyambi ca masewera amenewa ncakale koposa Nokia 3310. M'caka ca 1976 kampani ya ku America, dzina lace Gremlin, inapanga masewera ochedwa Blockade, a m'cibokosi cacikuru coponyamo ndarama. Osewera anali awiri, yense kuyendetsa mzere wace umene unali kusiya khoma pambuyo pace, ndipo woyamba kugunda khoma ndiye wogonja. Zitapita zaka 21, m'caka ca 1997, mmisiri wa ku Finland, Taneli Armanto, wa nchito ku kampani ya Nokia, anapanga masewera a mtundu womwewo, aang'ono okwana m'foni yochedwa Nokia 6110. Pambuyo pace panadza Snake II, amene anachuka ndi Nokia 3310 ya caka ca 2000, foni imene anagulitsako mamiliyoni 126. Ndipo analinso m'Nokia 1100 ya caka ca 2003, ija ya kanyali kumutu, imene inapitirira mamiliyoni 250. Snake Xenzia, amene ambiri a kwathu kuno amkumbukira, anali m'mafoni otsika mtengo a zaka zotsatira, monga Nokia 1110 ndi Nokia 1600 a caka ca 2005.

Kuno ku Malawi nchito ya lamya za m'manja inayamba ndi TNM, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1995, ndi Celtel m'caka ca 1999. Poyamba zinali za olemera a m'tauni, koma pang'ono ndi pang'ono zinafika ku midzi, m'thumba la mphunzitsi, la wogula mtedza ndi soya pa msika, la wophunzira wa ku Bunda. Foni yotere inali kusunga moto masiku angapo, ndico cinthu cacikuru kwa munthu wokachajitsa pa sitolo ndi ndarama. Ndipo popeza kanjokako sikanafune mayunitsi kapena intaneti, kanakhala masewera oyamba a makina kwa ana ambiri a m'midzi, amene anali kubwereka foni ya atate kapena ya malume madzulo.

Lamulo lace ndi ili. Njoka iyenda yokha, ndipo siima konse. Wosewera angoikhotetsa ndi mabatani anai, 2, 4, 6 ndi 8, ndiko kumwamba, kumanzere, kulamanja ndi kunsi. Pa bwalo paoneka kadontho kamodzi ka cakudya. Njoka ikakadya italika pang'ono, ndipo kadontho kena kaoneka pena. Ikagunda khoma, kapena thupi lace lomwe, yafa, ndipo masewera atha pomwepo. Galasi lonse la Nokia 3310 linali la timadontho 84 m'litali ndi 48 m'lifupi, locepa koposa bokosi la macesi. Ndipo mwana wosadziwa kuwerenga anali kumva lamulo lonse asanathe kusewera kawiri.

Tsopano taonani nzeru imene iri m'lamulo limeneli. M'masewera ambiri a makina, mdani acokera kunja: wopanga masewera atumiza asilikari kapena zirombo kuti zimenyane ndi wosewera. M'masewera a njoka mdani abadwa m'kudya kwa wosewera mwini. Poyamba bwalo liri lalikuru ndi njoka yaifupi, ndipo palibe coopsa. Koma cakudya ciri conse cimene apambana naco cicepetsa malo oyendamo, kufikira mcira wace utadzaza bwalo, ndipo iye azingidwa ndi zimene anadya. Wophunzira kumene athamangira cakudya molunjika, nafa msanga. Nga uja ananena akuru, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Koma wozolowera apinda njoka yace bwino lomwe, mzere pambali pa mzere, monga mlimi aunga mizere m'munda, nasiya kanjira m'mphepete kobwererako. Ndipo nthawi zina alambalala cakudya ciri pafupi, kuti akacifike ndi njira yaitali yopanda tsoka. Maere alimo pamodzi pokha, ndipo ndi pa malo poonekera cakudya. Zina zonse ziri m'cala ca wosewera, kotero kuti njoka ikafa palibe wina womnenera. Ife tiyesa kuti apa mpamene pagona ubwino wonse wa masewera amenewa, ndi cifukwa cace anthu sanawaiwale.

Ndi muyeso womwewu tikhoza kuyesa zonse zimene anaonjezapo pambuyo. M'Snake II anacotsa khoma la m'mphepete, kotero kuti njoka yoturuka kumanzere ilowanso kulamanja. Anaikamo makoma a m'kati amene wosewera asankha yekha. Ndiponso kacirombo kena kamene kaoneka kanthawi kocepa, nkukhala ndi mphotho yaikuru koposa cakudya wamba. Ife tibvomereza zoonjeza zimenezi, makamaka kacirombo kaja. Pakuti kameneka ndi nyambo, koyesa wosewera ngati adzasiya mizere yace yabwino cifukwa ca phindu la msanga. Sikanacotse lamulo lakale, kanangolinola. Coonjeza ciri conse cotumikira lamulo cikometsa masewera. Colifooketsa ciwaononga, cingakhale cioneke cokongola.

Nanga za mbiri zija? Zifukwa zace nzodziwika. M'caka ca 2014 Nokia inagulitsa nchito yace ya mafoni kwa Microsoft, ndipo ambiri anayesa kuti kanjokako kapita nayo. M'caka ca 2016 kampani yina ya ku Finland, HMD Global, inalandira cilolezo ca kupanga mafoni a dzina la Nokia. Ndipo m'mwezi wa February 2017 mlembi wa nkhani za mafoni, Evan Blass, analemba kuti Nokia 3310 idzabweranso, pa mtengo wa ma euro 59. Pomwepo intaneti inadzaza ndi zongoganiza: ena anajambula zithunzi za mafoni amene sanapangidwe konse, ena nanena kuti idzakhala ya Android, ndipo zithunzizo zinayenda kutali monga zoona. Pa 26 February, mu mzinda wa Barcelona ku Spain, foniyo inaonetsedwadi. Mtengo wace unali ma euro 49, sinali ya Android iai, ndipo njoka yace inapangidwa ndi kampani ya ku France, Gameloft: njoka ya maanga owala, yodya maapulo, yokhota mozungulira m'malo mwa kuthyoka pa ngodya. Ambiri olemba za mafoni anadandaula kuti njoka imeneyi siinafanane ndi yakale ija pakusewera. Cotero mbiri inanena zoona pa dzina, koma cimene anthu anayembekeza sicinafike.

Pali ana ena awiri a njokayi amene tiyenera kuwayesa. Woyamba ndiye Snake Rewind wa caka ca 2015, amene Taneli Armanto mwini anathandiza kupanga, wa mafoni amakono okhudza pa galasi. M'menemo njoka ikagunda, wosewera akhoza kubweza nthawi pang'ono ndi kupitirira, polipira zipatso zimene anasonkhanitsa kapena kugula ndi ndarama. Tilemekeza mmisiriyo, koma pano sitibvomerezana naye. Pakuti kusamala konse kwa wosewera kunacokera ku kudziwa kuti njoka ikafa yafa, ndipo pamene colakwa cikhoza kuomboledwa ndi ndarama, wolemera apambana wocenjera. Waciwiri ndiye Slither.io wa caka ca 2016, wopangidwa ndi Steve Howse, m'mene anthu ambiri asewera pa bwalo limodzi pa intaneti. M'menemo njoka ikhoza kudutsa pa thupi lace osafa. Ifa mutu wace ukagunda thupi la yina, ndipo zinzace zidya zotsala zace. Masewera ace ngokondweretsa, sitikana; koma phunziro lace lasandulika. Kale munthu anali kucenjera ndi kukula kwa iye mwini, tsopano akula ndi kugwa kwa mnzace. Dzina ndi thupi nza njoka, koma lamulo nlina.

Tikaona izi zonse, tizindikira kuti iwo amene adikira njoka yatsopano afuna cinthu cimene kampani singathe kupanga. Akumbukira masiku amene foni inali yacilendo m'mudzi, pamene ana asanu anali kuunjikana pa phewa la mmodzi, ndi cimwemwe ca kupitirira ciwerengero ca mbale wao. Masiku amenewo sagulitsidwa m'sitolo. Tizindikirenso kuti mbiri zotere zipindulitsa wogulitsa koposa wogula. Pakuti anthu akanena za katundu mwezi wathunthu asanaoneke, wamalonda walalikiridwa kwaulere. Munthu wokolola cimanga cocepa asafulumire kuturutsa ndarama cifukwa ca cithunzi cimene anaciona pa WhatsApp. Fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Ndipo wofuna njoka yeniyeni ya mabatani adzaipeza m'foni yakale, ngati ikali ndi batire.

Koma tisatamande mopitirira, pakuti masewera amenewa ali ndi cirema cace. Wosewera awerama yekha, nkhope pa galasi, osayankha womlonjera. Nzoona kuti m'Nokia 6110 anthu awiri anakhoza kupikisana, atalozetsana mafoni ao kuti alumikizane. Koma njoka imene inafika ku midzi yathu inali ya munthu mmodzi. Tiiyerekeze ndi bawo, amene aseweredwa pa khonde la sitolo ndi pansi pa mtengo pa misika yathu. Bawo nayenso ali ndi zipangizo zocepa, mizere inai ya maenje asanu ndi atatu, ndiwo maenje 32, ndi njere 64. Ndipo nayenso alanga wadyera amene adya lero osawerenga kumene dzanja la mnzace lidzathera. Koma m'bawo mdani ndi munthu, wokhala maso ndi maso, amene aseka, nanyenga, naphunzira macenjera ako. Ndipo oonerera aphunzira pamodzi, mnyamata pambali pa nkhalamba. Njoka iphunzitsa kudziletsa. Bawo aphunzitsa kudziletsa ndi kudziwa mtima wa mnzako. Kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Ndiponso bawo alibe kampani yomgulitsa kapena kumsintha. Thabwa likathyoka, mmisiri wa m'mudzi asema lina, ndipo palibe amene adikira mbiri ya ku Barcelona kuti adziwe ngati adzasewera caka camawa.

Ciweruzo cathu tsono ndi ici. Pa masewera onse a makina amene anafika ku midzi yathu, njoka yakale ija tiiika pakati pa abwino koposa, cifukwa lamulo lace nlalifupi ndi lolungama, ndipo siinalande munthu ndarama. Koma tiiika pambuyo pa bawo, cifukwa ipatula munthu kwa anzace. Zatsopano zochedwa ndi dzina lace tiziyese ndi lamulo, tisanyengedwe ndi maanga.

Ndipo kwa inu atate ndi amai, amene ana anu asewera tsopano masewera ena amene simuwadziwa maina, muyeso womwewu udzakuthandizani. Musangolanda foni, kapena kungoileka. Khalani pansi, ndipo mwana akuonetseni. Funsani mafunso atatu. Kodi wopambana apambana ndi nzeru, kapena ndi maere? Kodi masewerawo afuna ndarama kuti munthu apitirire? Pakuti alipo ambiri m'mafoni a lero amene ali juga yobvala cobvala ca masewera, ndipo adya ndarama ya feteleza ndi ya sukulu. Ndipo cacitatu, kodi ali ndi potha, kuti mwana anyamuke nakatunge madzi, kapena kukatsekera mbuzi? Njoka yakale inali kuyankha bwino mafunso onse atatu. Masewera amene alephera funso laciwiri asakhale m'nyumba. Amene akhoza onse atatu aloledwe pa nthawi yace, nchito itatha. Ndipo mwana yemweyo mumtengenso ku bawo, kuti aphunzire kugonja ndi kupambana pamaso pa anthu.