Redbreast: dzina linauka, nanga mowawo ndi womwe uja?

Redbreast wa zaka 12 ndinamulawa koyamba madzulo ena m'bala ina ya mu Florida Road kuno ku Durban. Anagula ndi mnzanga amene timamasulira naye mabuku, poti ine thumba langa silifika pamenepo. Wogulitsa anatidonthezera pang'ono pansi pa tambula n'kuyamba kulakatula mbiri ya botololo ngati akutchula mafumu a kwawo: wisiki wa ku Ireland, wogonekedwa m'migolo ya sheri, dzina la zaka zoposa 100. Ndisabise, mowawo ndi wabwino. Umanunkhira mphesa zouma, umatsetsereka pa lilime ngati muli mafuta, ndipo kutentha kwake kumabwera mochedwa, mosakalipa. Koma amene wagula botololi wagulanso nkhani, ndipo nkhaniyo ndiyo ndikufuna tiiunike.

Kapangidwe kake si kachilendo kwa munthu amene anakulira pafupi ndi mkhate wa kachasu. Amasakaniza chimera cha balere ndi balere wosameretsa, n'kutcheza katatu m'miphika ya kopa. Kusakaniza kumeneku kunafala chifukwa cha msonkho umene boma linaika pa chimera mu 1785: otcheza anachepetsa chimeracho kuti azilipira pang'ono. Kukoma kumene lero anthu akukutcha mwambo kunayamba ngati njira yozembera wokhometsa msonkho.

Dzinalo nalo lili ndi njira yake. Kampani ya W&A Gilbey inkagulitsa vinyo ku Dublin, choncho inkakhala ndi migolo yambiri imene inabwera ndi sheri kuchokera ku Jerez, ku Spain. M'malo moitaya, inkagula wisiki wongotchezedwa kumene kwa John Jameson & Son a mu Bow Street n'kumugoneka m'migolo imeneyo. Pofika 1912 wina mwa wisikiyu ankagulitsidwa ndi dzina la Redbreast, kambalame ka chifuwa chofiira ka kumeneko. Kenaka malonda a wisiki wa ku Ireland anagwa. America inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo mkangano wa zamalonda ndi Britain unatseka misika ina. Ku Bow Street anasiya kutcheza mu 1971, migolo ya Gilbey inauma, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 Redbreast anazimirira. Kampani ya Irish Distillers inagula dzinalo n'kuliukitsa mu 1991. Lero mowawu amatchezera ku Midleton, m'chigawo cha Cork, ndipo mwini wa kampaniyo kuyambira 1988 ndi Pernod Ricard ya ku France.

Monga womasulira, zimenezi ndimazizindikira. Buku lomasuliridwa limasunga mutu ndi dzina la wolemba, koma mawu onse a m'katimo ndi a munthu wina, olembedwa malo ena, nthawi ina. Redbreast wa lero ndi kumasulira kwa Redbreast wa 1912. Mzinda wasintha, miphika yasintha, eni ake asintha. Ngakhale migolo yasintha tanthauzo. Kuyambira m'ma 1980 sheri amamuthira m'mabotolo ku Spain komweko, ndiye migolo yongotsala paulendo kulibenso. Imene ilipo amachita kuipangitsa kwa amisiri, n'kuthiramo sheri wa oloroso kuti thabwa limwe, kenaka n'kuitumiza ku Ireland. Chimene kale chinali chotengera chachabechabe lero ndi chokometsera chodula. Komanso Redbreast wa zaka 12 sagona m'migolo ya sheri yokha. Wina amagona m'migolo ya bourbon ya ku America, n'kusakanizidwa pambuyo pake.

Kumasuliraku ndimakuyamikira, chifukwa kunapulumutsa katchezedwe kamene kanatsala pang'ono kutheratu. Chimene chimandivuta ndi chakuti womasulira wabwino amalemba dzina lake patsamba loyamba, pomwe ogulitsa mowa amakonda kuti womwa aziganiza kuti mtsinjewo sunaphwepo. Zaka zimene dzinalo linali m'manda sizimveka m'ndakatulo ya wogulitsa uja. Ndipo si Redbreast yekha. Dunville's wa ku Belfast anatsekedwa mu 1936, dzina lake n'kudzaukitsidwa ndi Echlinville patapita zaka zoposa 70. Yellow Spot anabwerera mu 2012, Red Spot mu 2018. Mayina akufa asanduka chuma, chifukwa chaka chakale cholembedwa pabotolo chimakweza mtengo.

Nkhani imeneyi imamveka mwina ukaimvera ku Durban. Kuchoka mu Florida Road kutsikira m'tauni umafika ku KwaMuhle Museum, nyumba imene kale inali ofesi yoyang'anira anthu akuda ndi ziphaso zawo. Lamulo la ku Natal la 1908 linapatsa makhonsolo mphamvu zofulula ndi kugulitsa okha mowa wamasese kwa anthu akuda. Durban inatsegula holo yake yoyamba yomwera, eMatsheni, mu 1909, ndipo phindu lake linkamangira makomboni ndi kulipirira ntchito yolondalonda omwa omwewo. Amayi ofulula kunyumba anasanduka zigawenga. Mu June 1959 amayi a ku Cato Manor anatopa nazo n'kukathira nkhondo maholo a mowawo. Ndipo mpaka 1962 lamulo silinkalola munthu wakuda wamba kugula mowa wa Azungu. Agogo athu amene anabwera ku Joni kudzagwira ntchito akanamangidwa chifukwa cha tambula imene ine ndinaigwira madzulo aja. Mbiri imene botolo likundiitanira kuti ndiisirire ndi mbiri imene, mumzinda uno, inali ndi chitseko chotseka.

Anthu a ku Ireland nawo chitseko chotere amachidziwa. Ali ndi kachasu wawo, poitín, amene ankatchezedwa mobisa m'mapiri. Boma linayamba kulimbana naye mu 1661, ndipo analoledwa kugulitsidwa m'dzikomo mu 1997. Mu 2008 bungwe la European Union linateteza dzina lake, moti lero mowa wa anthu othawa apolisi uli m'mabotolo okongola, ndipo kubisala kwake kuja ndiko kukutsatsa malonda.

Kwathu azakhali anga ankatcheza kachasu kuseri kwa khola, ndipo ndalama zake zinalipira fizi ya ana angapo, ine ndemwe. Ankadziwa madeya oyenera, masiku ovundikira, moto wofunika, ndi nthawi imene wamutu watha kudontha. Palibe anatchulapo luso limenelo kuti ndi cholowa cha makolo. Sindikuti kachasu ndi wosalakwa. Ndaika m'manda anthu amene anawapsereza chiwindi, ndipo wisiki wodula naye amapsereza chimodzimodzi. Koma poitín sanayeretsedwe ndi pemphero. Anapatsidwa lamulo, muyezo wa mphamvu yake, ndi anthu olemba mbiri yake. Kusiyana kwa mowa wa mbiri ndi mowa wamanyazi nthawi zambiri kumagona pa funso lakuti ndani anali ndi kaundula, maloya ndi makina osindikizira zomata pabotolo.

Redbreast ndi woyenera matamando amene amalandira, ndipo amene angakwanitse amulawe mosathamanga, mwina atadonthezamo madzi pang'ono. Koma amumwe ngati mowa wa 1991 wochokera ku Midleton, wophikidwa ndi anthu amoyo amene anaphunzira bwino njira yakale. Ulemu umenewo ndi wokwanira. Nditauza mnzanga uja za azakhali anga, anandifunsa dzina la kachasu wawo. Analibe dzina. Ankathiridwa m'botolo lililonse lopezeka, chotsekera chake chitsononkho.